Tisambe M'manja

Tamanda ndi Yohane, ana anga, mwandifunsa kambirimbiri chifukwa chake ndinakana kubwerera ku Chileka pamene abwana anandiitana, n'kusankha kutsala ndekha kuno ku Lirangwe kumene ndilibe mbale ngakhale mmodzi. Nthawi zonse ndimakuyankhani kuti ndinazolowera mphepo ya kuno. Limenelo ndi bodza, mphepo ya kuno ndi fumbi lokhalokha. Yankho lenileni ndi lalitali, ndipo pafoni simundipatsa mpata, ndikangoyamba mumati mayunitsi akutha. Ndiye ndagula kope, ndalemba.

Chileka, chaka choyamba pa ntchito

Ntchito yolembedwa ndinayamba ndili ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, patangopita miyezi isanu chimwalirireni bambo anu. Iwo ankanyamula katundu ku bwalo la ndege, ndipo atapita ndinatsala ndi nyumba, inu awiri, ndi manja angawa. A Chikopa, amene tinkapemphera nawo, anali atangosandutsa chipinda chawo choonetsera vidiyo kukhala cha magemu, ndipo anali atachotsa kale anyamata atatu motsatizana. Lamulungu lina anandiimitsa panja pa tchalitchi.

"Amake Tamanda, gemu mumaidziwa?"

Ndinati ayi.

"Nanga mumafuna mutaidziwa?"

Ndinati ndilibe nayo ntchito.

Anaomba m'manja. "Ndinu amene ndimafunafuna! Anyamatawa ndikawalemba, amakhala okha pa makina tsiku lonse, makasitomala ali chilili. Inu ndinu mayi wamkulu, padi simungaigwire. Mundilonjeze basi."

Padi ndi kaja ka mabatani kamene wosewera amagwira m'manja. Ndinalonjeza kuti sindidzaigwira, ndipo lonjezolo ndinalisunga zaka khumi ndi chimodzi.

Ntchito yanga inali kutsegula, kusesa, kupukuta madisiki ndi kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Nthawi ya munthu ikakwana ndinkangoti, "Yatha," ndipo wochita makani ndinkamuzimira pa soketi, ngakhale mpira uli m'mwamba kulowera pagolo. Anyamata anandipatsa dzina loti Mami Yatha. Mpaka lero ena amandipatsa moni ndi dzinali, ndi ndevu zawo, ana ali kumanja. Kusowa zinthu kunali kwa tsiku ndi tsiku. Magetsi akazima jenereta inkafuna petulo, petulo ali pamzere m'tauni. Zingwe za mapadi zikaduka ndinkazimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Disiki ikakalika ndinkaipaka mankhwala otsukira mano n'kuipukuta ndi nsonga ya chitenje, kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. A Chikopa sanali munthu woipa, koma bizinesi ankaiyeza ndi khutu: chipinda chikasokosa ndiye kuti zikuyenda, chikati phee ndiye kuti yadwala. Chinthu chimodzi anandilamula kuti ndisachisiye pa makina ndikatseka, kakhadi kosungira, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene kamakumbukira pamene munthu walekezera gemu yake. Anyamata ankakonda kukaba. Ine ndinkakamanga pa mfundo ya chitenje changa.

Lirangwe, chaka chachisanu

A Chikopa atatsegula chipinda chachiwiri ku Lirangwe anandisamutsira kuno. Sanandifunse, anangondiuza tsiku la galimoto. Tamanda unali utayamba ntchito, ndiye unatsala m'nyumba ya bambo ako, Yohane uli ku sukulu yogonera konko. Ine ndinapeza kanyumba ka lendi kuseri kwa chigayo. Ndinena mosabisa: zaka zimenezo ndinasungulumwa kwambiri. Tsiku lonse ndinali pakati pa phokoso, koma panalibe wolankhula nane kupatula wofunsa kuti kwatsala mphindi zingati. Azimayi a kutchalitchi ankandipatsa moni wa kumapeto kwa milomo, poti kwa iwo ndinali mayi amene akuononga ana awo. Ine wake amene ndinkathamangitsa aliyense wovala yunifolomu nthawi ya sukulu, ndi tsache! Ndikatseka ndinkaphika pang'ono, kudya nditaimirira, n'kutsuka mbale imodzi.

Makina analipo atatu. Awiri akutsogolo anali a mpira ndi zomenyana, achitatu anali pakona, ndi tivi yakale ya chimimba. Pakona pamenepo panali disiki imodzi imene inabwera ndi makinawo, yomwe palibe anaimaliza. Dzina lake lachizungu sitinkalitchula, tinkangoti Wamagetsi. Nkhani yake inali ya bambo wokonza magetsi amene watumidwa ku chipatala chakale cha m'phiri, n'kupeza kuti mulibe munthu, zitseko zatsekeka kumbuyo kwake, ndipo mumdimamo mukuyenda zinthu zimene kale zinali anthu. Bamboyo sanali ngwazi. Anali ndi kamimba, akathamanga pang'ono ankawefuka. M'manja anali ndi tochi ya mabatire otha msanga, ndi kamfuti kamene anatola m'chipinda cha mlonda, kali ndi zipolopolo zisanu ndi chimodzi basi. Pofuna kusunga pamene wafika, ankayenera kupeza mpopi wa madzi n'kusamba m'manja. Mipopiyo inali yochepa, yotalikirana. Anyamata ankailowa ndi mtima wa kunkhondo, kuwombera chilichonse chogwedezeka, zipolopolo n'kutha pa khonde loyamba, iwo n'kugwidwa. Kenako ankaponya padi pabenchi. "Gemu ya amantha iyi, aise, tiyeni ku mpira."

Lirangwe, chaka chakhumi

A Makwinja ndinayamba kuwaona akubwera kudzatchajitsa foni pa sitolo yoyandikana nafe. Anali bambo wamtali, wa imvi m'mbali, wolima chimanga cha kwa Chigaru uku. Anthu ankati anali msilikali, anapitako kudziko lina, anabwerako wosalankhula, ndipo mkazi wawo anatopa nawo n'kubwerera kwawo. Anyamata ankawatcha Madala Soja. Podikira foni ankaima pakhomo pathu, maso ali pakona. Tsiku lina Lachiwiri m'mawa, ana ali ku sukulu, analowa atavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Kodi iyo ya pakonayo ndi ya ana okha?"

"Ndi ya aliyense wosaponya padi yanga," ndinawayankha.

Ndinawauza mabatani ndi pakamwa, poti ndinali nditawaloweza pongoonera. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono, kumamatira kukhoma, kuima pachitseko chilichonse n'kumvetsera. Chinthu choyamba chitatulukira, sanawombere. Anazimitsa tochi, n'kulowa pansi pa bedi, n'kudikira mpaka chinadutsa. Kwa zaka zisanu ndinali ndisanaonepo kuseri kwa khonde limenelo, tsiku limenelo ndinaonako. Wotchi itakwana ndinati, "Yatha." Iwo osatembenuka anati, "Pepani mayi, tisambe m'manja kaye. Mpopi uli pafupi." Ine amene ndinali ndisanapatsepo munthu mphindi imodzi yaulere, ndinawadikira mphindi khumi.

Kuyambira pamenepo ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, m'mawa. Anadandaula kuti dzuwa la pawindo likuwalepheretsa kuona mdima bwino, ine n'kuseka kuti mdima amauonanso? Koma ndinakatenga chitenje chakuda chimene ndinavala pa maliro a bambo anu, chomwe chinkangokhala m'sutikesi, n'kuchipachika pawindopo. Makalata amene Wamagetsi ankatola m'zipinda anali achizungu, iwo ankandimasulira. Ine ndinatenga katoni ya sopo n'kuyamba kujambula mapu a chipatalacho, khomo ndi khomo, mpopi uliwonse ndikuulemba ndi mtanda. Akasokera ndinkawakuwira, "Kumanzere, bambo inu, chitseko chofiira chija!" Akapulumuka tinkapumira limodzi. Magetsi ankatizunza. Kangapo anazima a Makwinja atayenda ulendo wa ola lathunthu asanasambe m'manja, zonse n'kufufutika. Iwo ankangoika padi pansi bwinobwino n'kunena kuti, "Taonani, Wamagetsi wafa ndi magetsi."

Chimene chinkandikwiyitsa chinali kuthawa kwawo. Malo amene munthu akanangowombera kamodzi n'kudutsa, iwo ankazungulira njira yaitali, milungu iwiri pa khonde limodzi. Ndinkawaseka. "Msilikali wanji inu, wongothawa?" Ankayankha kuti, "Zipolopolo n'zosunga, mayi." Ndinkaganiza kuti akusungira chilombo chachikulu cha kumapeto. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake munthu wamkulu ngati iwo amalipira kuti aopsezedwe. Anati, "Umu mokha ndi mmene munthu amaopa, wina osamuseka. Amene anapanga gemu imeneyi mantha amawadziwa."

Ndinayamba kubwera ndi tiyi wa makapu awiri m'fulasiki. Anthu analankhula, monga anthu a pamsika salephera. Panalibe chimene chinachitika pakati pathu choti ndingachite nacho manyazi pamaso panu, ngakhale dzina langa loyamba sanalifunse. Koma ndinkadikira Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo masiku enawo ndinkangowadutsa. Aka kanali koyamba chimwalirireni bambo anu kuti munthu anene mawu oti "ti-" akundiwerengera ine. Tisambe. Tasokera. Tapulumuka. Pofika mwezi wa Okutobala tinali titafika pansi penipeni pa chipatalacho, ndipo mapu anga ankasonyeza kuti khomo lotulukira silili patali.

Chaka cha khumi ndi chimodzi, mvula isanagwe

A Chikopa anafika ndi galimoto yodzaza: makina atsopano, tivi yopyapyala yotenga theka la khoma, ndi masipika awiri ofika m'chiuno. Ana onse tsopano ankafuna magemu a asilikali, owomberana anayi nthawi imodzi, ndipo sitolo ina ya tsidya la msewu inali itayamba kutilanda anthu. Atamaliza kulumikiza anandipatsa bokosi la disiki. "Iyi ndakugulirani inuyo ndi madala anu aja. Wamagetsi gawo latsopano." Ndinayang'ana. Dzina lomwelo, nkhope yomweyo, tochi ili m'manja.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo palibe wina woti ndimuloze chala. Ndikanakhala munthu wogwira padi ndikanayamba ndaiyesa ndekha. Koma Mami Yatha sagwira padi. Ndinangotuma uthenga kwa a Makwinja kudzera kwa mayi wotchajitsa mafoni kuti abwere Loweruka, ndawasungira chinthu chabwino. Loweruka, tsiku limene chipinda chimadzaza mpaka pakhomo! Ndinkafuna kuti anyamata aone mmene munthu wodziwa amasewerera.

Anabwera atavala malaya osita. Ndinalamula anyamata kuti awapatse malo patsogolo. Gemu inayamba monga yakale, khonde lamdima, tochi, madzi akudontha penapake. A Makwinja anamwetulira, n'kuyamba kumamatira kukhoma monga mwa masiku onse. Sanayende masitepe khumi. Khoma linaphulika, kuwala kuli ngwee, ndege zankhondo m'mwamba, asilikali akukuwa n'kumukoka Wamagetsi pamkono, wina n'kumuponyera chimfuti chachitali. Kamimba kaja kanalibe, tsopano anali ndi chifuwa chotambalala. Pakona ya tivi nambala ya zipolopolo inali mazanamazana. Masipika a Chikopa anali atatsegulidwa mpaka kumapeto, ndipo malata a denga ananjenjemera.

Nditatembenuka, a Makwinja sanali pabenchi. Anali pansi pake, chafufumimba, manja ataphimba mutu, thupi lonse likunthunthumira. Anyamata anafa ndi phwete. "Soja wathawa! Madala alowa m'dzenje, aise!" Wina anatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Ndinathamangira pa soketi n'kuzimitsa zonse, foni ija ndinailanda, koma zinali zitachitika kale. A Makwinja anatuluka pansi pa benchi, anasasa fumbi pamaondo ndi pa malaya osita aja, anatola chipewa chawo. "Zikomo, mayi," anatero, osandiyang'ana. Anatuluka. Lachiwiri sanabwere, Lachisanu sanabwere, ndipo foni anayamba kukatchajitsa kwina.

A Chikopa atabweranso ndinawalankhula mmene ndinali ndisanalankhulirepo abwana. "Mwatigulira chiyani ichi? Wamagetsi ameneyu ndi wa kuti?"

"Amake Tamanda, mtima pansi," anatero. "Mantha sagulitsa masiku ano. Taonani nokha: pakona apo munthu mmodzi, phee, ola lonse. Apa anyamata anayi, ena khumi akudikira. Amene amapanga magemuwa nawonso ali ndi mimba. Aona kuti dziko lonse lathamangira za asilikali, ndiye zoopsa zija angoziveka yunifolomu. Inu mukanatani?"

"Ndikanapanga ya asilikali n'kuipatsa dzina lake," ndinawayankha. "Osati kutenga munthu wathu wamantha, kumumeta kamimba, n'kusiya dzina ndi nkhope kuti tipusitsike. Mulibe ndi mpopi womwe mmenemo, imangodzisungira yokha. Munthu sakudziwanso kuti wapulumuka liti."

Anaseka, n'kunena kuti ndayamba kulankhula ngati wosewera. Koma nthawi inandiikira kumbuyo. Pasanathe mwezi anyamata omwe aja anaitaya gemuyo, ati si nkhondo yeniyeni, n'kubwerera ku ya asilikali enieni. Sinaopse munthu, sinakhutitsenso okonda mfuti. Bokosi lake tinayamba kutchingira chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo.

Chaka chomwecho, Disembala

A Chikopa anandiimbira Lolemba. Anali atamanga chipinda chachikulu ku Chileka, cha makina khumi, ndipo ankafuna ine ndikachiyang'anire. Kuno aikako mphwawo. Makina akale onse, ndi makhadi ake, galimoto idzatenga Lachisanu kuti akagulitsidwe kwa okonza zamagetsi, akaphwasule. "Mukubwerera kwanu, amake Tamanda. Mdzukulu wanu azikakulira pamiyendo panu."

Tamanda, unali utangochira kumene mwana wako woyamba. Ndinali nditapempherera kubwerera ku Chileka zaka zisanu ndi chimodzi. Masiku anayi amenewo chakudya sichinkalowa. Ndinkamasula mfundo ya chitenje, kukayang'ana kakhadi kaja, n'kukamanganso. Mmenemo munali miyezi khumi ndi umodzi ya a Makwinja, Wamagetsi ataima pa mpopi wa pansi penipeni, manja ali onyowa, akudikira. Ndinaganiza zongotenga kakhadiko n'kupita nako, koma kakhadi popanda makina ndi kapulasitiki chabe, ndipo ku Chileka a Makwinja sakanabwerako. Ndikapita, ndiye kuti chomaliza chimene ndawachitira bamboyo ndi kuwagwetsa pansi pa benchi pamaso pa ana. Zimenezo zinandikanika kumeza.

Lachisanu galimoto itafika ndinauza a Chikopa kuti ndikupuma ntchito, ndipo m'malo mwa mphatso iliyonse yotsanzikana andipatse makina a pakona, tivi ya chimimba, padi imodzi ndi disiki yakale.

"Mwapenga kodi? Zinthu zotayazi? Chifukwa cha madala aja?"

"Chifukwa cha ntchito imene sinathe," ndinatero.

Anauza dalaivala kuti akanditsitsire katunduyo kuseri kwa chigayo. Nditakuimbira, Tamanda, unalira n'kundifunsa ngati wandilakwira chinachake. Ndinakuuza za mphepo. Ndikhululukire mwana wanga, ndinkaopa kuti undiseka.

Sabata yotsatira ndinakwera kabaza kupita kwawo kwa a Makwinja. Ndinawapeza m'munda akupalira, chimanga chili m'maondo. Atandiona anaimika khasu.

"Mayi, mwafika kuno? Kuli bwino?"

"Ndabwera kudzapepesa. Sindinadziwe kuti gemu ija ili choncho. Ndinakuchititsani manyazi."

"Simunalakwe inu," anatero. "Zinali mwa ine kale."

Tinakhala pa mzere, iwo uko, ine kuno. Ndinawauza kuti makina akale ali kunyumba kwanga tsopano, kulibe masipika, kulibe anyamata, chitenje chakuda chili pawindo, ndipo khomo lotulukira latsala pang'ono. Anazula udzu umodzi n'kumaupinda ndi zala.

"Munkandifunsa chifukwa chake sindiwombera," anatero. "Kudziko kuja, tsiku lina tinalowa m'nyumba ina. Anzanga anali m'chipinda china. Ndinamva kanthu kakukwekwereza kuseri kwa chitseko. Ndinaopa, mayi. Sindinafunse kuti ndani, sindinatsegule. Ndinawombera pachitsekopo mpaka mfuti inati kha. Kenako akuluakulu athu anatiitana, tinatuluka. Mpaka lero sindikudziwa ngati inali mbuzi, kapena munthu, kapena mwana wa munthu. Palibe anandifunsa, palibe anandiimba mlandu. Ndiye ndinkafuna ndione ngati munthu angaope mpaka kumapeto, n'kutuluka, osawombera."

Ndinangoti, "Bwerani mudzatuluke."

"Ndibwera. Koma anthu ayambe aiwala kaye. Tikakolola, mayi, ndibwera."

Anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundipatsa nkhwani wodzaza jumbo.

Nditapuma

Ndinadikira. Ndinayamba kugulitsa mandasi pachigayo. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ndinkapukuta makina, n'kuthira tiyi wa makapu awiri m'fulasiki, mwina angasinthe maganizo. Kumayambiriro kwa Epulo, chimanga chikuuma m'munda, mayi wotchajitsa mafoni uja anaima pa beseni langa n'kunena ngati akunena za mtengo wa tomato, "Mwamva za Madala Soja? Atisiya dzulo. Chibayo, masiku anayi okha."

Ndinapita ku maliro. Panalibe wondidziwa, ndinakhala kumapeto kwa azimayi. Kumanda sindinalire. Pobwerako, panjira yolowera m'mudzi panali ndowa ya madzi, ndi mayi wina akuthirira anthu ndi kapu, monga timachitira. Itafika nthawi yanga ndinangoima, maganizo ali kutali. Mayiyo anati, "Tiyeni mayi, tisambe m'manja." Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira mokuwa, mpaka anthu anayamba kufunsana kuti kodi mayiyu ndi ndani wake wa malemu. Panalibe amene akanayankha, ngakhale ine ndemwe.

Tsiku lotsatira ndinatseka chitseko, ndinamasula mfundo, ndinalowetsa kakhadi, ndipo ndinagwira padi koyamba m'moyo wanga. Wamagetsi anali pa mpopi paja, ndi kamimba kake. Ndinatsegula chikwama chake kuti ndione zimene a Makwinja anasiya. Mabatire awiri, makiyi, ndi kamfuti. Zipolopolo zinali zisanu ndi chimodzi, zomwe zija za m'chipinda cha mlonda.

Kuonera ndi kugwira n'zosiyana, ana anga. Zala zanga n'za mtondo ndi tsache. Poyamba ndinkagunda makoma ngati woledzera. Chinthu chikatulukira ndinkakuwa ndekha m'nyumba, chala n'kudina chokha, mfuti n'kulira. Zikatero ndinkadzuka, kuzimitsa pa soketi, n'kuyambiranso pa mpopi, chifukwa zipolopolozo sizinali zanga. Mapu anga anali atandinamizanso: khomo limene ndinkati lili pafupi linali lokhoma, kiyi wake ali pamwamba penipeni. Ndinkasewera Lachiwiri ndi Lachisanu basi, m'mawa, ola limodzi, ndipo likakwana ndinkasiya. Magetsi anandifufutira kosawerengeka. Disiki inayamba kukana, ndinaipaka mankhwala otsukira mano mpaka inayera. Padi inaduka chingwe kawiri. Ndinkaopa kuti makinawa adzafa Wamagetsi asanatuluke, kapena ine ndidzatsogola. Zinanditengera zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Zimenezi ndi zimene ndakhala ndikuchita kuno nthawi yonseyi mukundiimbira kuti ndibwere.

Lachisanu lapitali ndinafika pa khonde lomaliza. Chilombo chachikulu chimene ndinkati a Makwinja akuchisungira zipolopolo chinalipodi, chitagona pakati pa njira. Ndinazimitsa tochi. Ndinayenda mumdima ndikuwerenga masitepe, mpweya wake ukumveka pafupi ndi khutu, chala changa nditachichotsa pa batani la mfuti n'kuchipinda. Ndinaopa kuposa tsiku lina lililonse. Ndinafika pachitseko, ndinalowetsa kiyi, chinatseguka. Kunja kunali m'mawa wamba, udzu, msewu wafumbi, ndi galimoto ya kuntchito ya Wamagetsi ili pamene anaisiya. Panalibe womudikira. Anangokhala pa mwala n'kuzimitsa tochi. Ndinatsegula chikwama komaliza, ndinawerenga ndi chala pa galasi la tivi: zisanu ndi chimodzi.

Ndinayang'ana wotchi. Ola linali litakwana. Ndinati, "Yatha." Panalibe wondipempha kuti ndidikire.

Tamanda, ngati kachipinda kaja unkanena kakadalipo, uwauze amuna ako abwere ndi galimoto kumapeto kwa mwezi uno. Katundu ndi wochepa, tivi ndiisiya. Chinthu chimodzi chokha ndikukupemphani nonse awiri, kaya ndili moyo kaya ndapita: mukamadzachapa chitenje changa, muyambe mwamasula mfundo.